Malamulo a gulu akasintha, aliyense asainirenso

Magulu ambiri a banki m'khonde ndi a chipereganyu masiku ano amakumanira pa WhatsApp. Wina ali ku Mzuzu, wina ku Ndirande, wina akugwira ntchito ku Johannesburg, ndalama zikuyenda pa Airtel Money kapena Mpamba. Koma malamulo amene munagwirizana poyambitsa gulu sangakhale omwewo mpaka kale. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sheya imene inkaoneka yayikulu inasanduka ya ndiwo chabe. Zikatero mumakweza sheya, mumasintha chiwongoladzanja kapena chindapusa cha ochedwa kubweza, ndipo apa m'pamene mikangano imayambira ngati simusamala.

Nthawi yabwino yosinthira ndi pamene mwangomaliza kugawana, musanayambe kusonkhanso. Mlembi alembe malamulo onse mwatsopano, osati ndime yosinthidwa yokha. Pamwamba aike tsiku limene ayambe kugwira ntchito, ndipo pandime iliyonse yatsopano aonetse zimene zinalipo kale. Atumize ngati PDF, chifukwa uthenga wamba mwini wake atha kuusintha mkati mwa mphindi 15. Ngati gulu lanu linatchera kuti mauthenga azifufutika okha pakapita masiku, zimitsani zimenezo kaye.

Apatseni anthu masabata awiri oti awerenge ndi kufunsa. Wapampando awerenge ndime zosinthidwazo m'uthenga wamawu, pang'onopang'ono, kuti amayi amene kuwerenga pafoni kumawavuta amve okha ndi makutu awo, osadalira mdzukulu.

Tsono mvetsetsani apa. Kachizindikiro ka chala chachikulu ka pa WhatsApp si siginecha. Munthu amakadina akuphika, asanatsegule n'komwe chikalatacho, ndipo tsiku la mlandu adzati, "Ine ndimangosonyeza kuti uthenga wafika." Kavoti ka pa WhatsApp nakonso n'kothandiza pongomva maganizo a anthu, popeza munthu atha kusintha voti yake mawa. Amene wakhala chete musamuwerengere kuti wavomera. Mwina bandulo yamuthera. Muimbireni.

Kusainira kwenikweni kuyende motere. Amene ali pafupi asainire papepala pamaso pa mboni, wosatha kulemba adinde chala. Wakutali asindikize tsamba lomaliza, kapena alembe pamanja kuti wawerenga ndipo akuvomera malamulo a tsiku lakutilakuti. Aike dzina lonse monga lilili pachiphaso cha unzika, tsiku ndi siginecha, ajambule chithunzi chooneka bwino n'kutumiza kuchokera panambala yake. Lamulo la dziko lino la 2016 lokhudza zochitika za pa intaneti limavomereza siginecha yapamakina, koma chofunika n'choti pazioneka amene wasaina ndi chimene wasainira. Chithunzi cha chiphasocho musachiponye pagulu, akuba amachigwiritsa ntchito. Chikafunika chipite kwa mlembi yekha.

Ngongole imene munthu anatenga kale abweze pa chiwongoladzanja chakale. Kumukwezera pakatikati n'kumulakwira, ngakhale gulu lonse litawomba m'manja. Lembani zimenezi m'malamulo momwemo.

Wina akakana kusaina, adimini asathamangire kumuchotsa ndalama zake zikadali m'thumba. Khalani naye pansi, muwerengere masheya ake ndi ngongole yake, alandire zake, asainire kuti walandira, ndiye atuluke mwamtendere.

Zonsezi zimatenga pafupifupi mwezi, ndipo ndalama yake ndi ya bandulo ndi yosindikizira masamba ochepa basi. Zithunzi zonse zisindikizidwe, mpukutu wina ukhale kwa mlembi, wina kwa msungichuma, chifukwa foni imabedwa, imagweranso m'madzi. Musalandire sheya ya munthu aliyense pa malamulo atsopano siginecha yake isanafike, ngakhale akhale mlamu wanu.