Zolemba za ana athu ndi chipata chopapatiza



Masiku ano mayina a ana, malikisi a mayeso ndi manambala a foni a makolo akuchoka m'makope n'kulowa m'makompyuta. Ambiri mwa makompyutawo sali kuno ku Mpama, ali m'nyumba zikuluzikulu za makampani zomwe amazitcha cloud. Amazon inatsegula zake ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024.

Kumeneko kuli mapulogalamu otchedwa serverless. Dzinali likunamiza pang'ono: makompyuta alipo ndithu, kungoti mwini pulogalamu sawasamalira yekha. Pulogalamuyo imagona mpaka wina aiitane, monga kholo likafunsa malikisi pa foni. Ikatha ntchito imagonanso, ndipo mwiniwake amalipira nthawi yokhayo yomwe yagwira ntchito. Amazon inabweretsa yake, Lambda, mu 2014.

Vuto nali. Zolemba za ana zimasungidwa mu netiweki yotsekedwa, yotchedwa VPC, ngati ofesi ya ahedi mkati mwa mpanda. Koma pulogalamu ija imakhala kunja kwa mpandawo. Wopanga waulesi amangogumula mpanda, kutsegulira zolembazo ku intaneti yonse kuti pulogalamu yake izifikira. Pomwe yalowerapo, wakubanso alowera pomwepo.

Wodziwa ntchito amamanga chipata chopapatiza. Ku Google chimatchedwa connector, ndipo amachipatulira ma adiresi 16 a mkati mwa netiweki. Pulogalamu imadutsa pamenepo basi, ndipo malamulo a pachipata ndi omwe amanena chipinda chomwe ingalowe.

Tiyerekeze kuti sukulu zinayi zagwirizana kugawana netiweki imodzi. Apa pamakhala mwini mpanda mmodzi, wosunga makiyi. Sukulu iliyonse imapanga pulogalamu yake, koma siingadzitsegulire yokha khomo. Ena amadandaula kuti zimachedwetsa ntchito. Ife tikuona kuti kuchedwako n'kwabwino, chifukwa zinthu zikalakwika timadziwa woti timufunse.

Zolembazi ndi amana yomwe makolo anatisungitsa, ndipo kuyambira 2024 lamulo la Data Protection Act, lomwe MACRA ikuyang'anira, likulamula aliyense wosunga zinsinsi za anthu kuziteteza. Akadzabwera wotsatsa pulogalamu ya malikisi, a komiti adzamufunse asanakambe za mtengo: zolembazo zikakhala kuti, nanga makiyi a chipata adzasunga ndani?