Phunziro 17: Nkhata ya Bulu

nkha nkhe nkhi nkho nkhu
nkhata, nkhosa, nkhuni, nkhuku

Tiwerenge pamodzi.

Amayi akamapita kumadzi saiwala nkhata. Palibe amene amasenza mtsuko pamutu popanda nkhata. Nanga bulu?

Kuno ku Lifidzi akavalo sitiwaona kawirikawiri. Amene amatinyamulira mbatatesi, chimanga ndi nyemba kupita kumsika wa ku Domwe ndi bulu. Nayenso amafuna nkhata yake. Nkhata ya bulu ndi chotandika pamsana, pansi pa katundu.

Sabata yatha bambo wina wa m'kalasi mwathu anatiitana kuti tikaone bulu wawo. Tinapeza chilonda pamsana, ntchentche zili ng'a. Bamboyo anali atatandika thumba la feteleza, namanga ndi chingwe chopyapyala. Tsopano buluyo sagwira ntchito. Mbatatesi yawo ili m'nyumba, ikudikira, ndipo masiku a msika akupita.

Thumba la feteleza ndi la pulasitiki. Silimwa thukuta. Limaterera, limatentha, limasupula khungu. Tisalitandike pamsana pa bulu, ngakhale ndilo limapezeka msanga pakhomo.

Chokhudza khungu chikhale chofewa ndi chomwa thukuta: bulangeti lakale loyera, nsalu ya thonje, kapena chikopa cha nkhosa chofufuta bwino, ubweya ukuyang'ana pansi. Chiguduli nchabwino, koma chimakanda. Chikhale pamwamba pa nsalu.

Tsopano tifike pa mfundo yaikulu. Inu makolo athu mukudziwa kuti nkhata ili ndi bowo pakati, kuti liwombo lisapsinjike. Bulu nayenso ali ndi malo osayenera kupsinjika. Malowo ndi fupa la msana. Tiyendetse dzanja pamsana pake, tilimva fupalo lili pafupi ndi khungu. Katundu akhale m'mbali, pamwamba pa nthiti, pamene pali mnofu.

Tsono titenge chiguduli chimodzi. Tisoke mizere iwiri pakati, motalikirana zala zinayi. Mbali ziwirizo tiikemo udzu wouma wofewa, wofanana kuchuluka. Pakati tisaikepo kanthu. Tikatandika, mpatawo ugone pa fupa la msana, ndipo mphepo izidutsamo. Kutsogolo tikweze pang'ono ndi dzanja, kuti chisapane pamene khosi likumana ndi msana.

Ena amati chotandika chikakhala chochindikala kwambiri ndiye chabwino. Ife sitivomereza. Chikachindikala mopitirira, katundu amagwedera uku ndi uku, ndipo mwini wake amamangitsa chingwe mpaka chimacheka mimba. Pomanga tigwiritse lamba wotambalala wa nsalu kapena wa chikopa.

Katundu alemere mofanana mbali zonse. Bulu wolemera makilogalamu 150 tisamusenzetse oposa 50: uku 25, uku 25. M'mapiri athu ano tichepetseko.

Tisanatandike m'mawa, tipukute msana wa bulu, tikutumule chotandika. Kambewu kamodzi ka chisoso kangathe kuboola khungu tisanafike kumsika. Pobwera madzulo tichotse chotandika, tichiyanike, tiyang'ane msana. Pamene pali potupa, potentha kapena pothothoka ubweya, pamenepo pakupsinjika. Ubweya woyera pamsana umasonyeza chilonda chakale. Udzu ukaphwatalala, tiikemo wina.

Chilonda chikabuka, titsuke ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Tisapake oilo wa galimoto. Bulu apume mpaka chipole. Chikanunkha kapena chikachita mphutsi, tiitane alangizi a ziweto.

Tikambirane

Kodi pakhomo panu mumatandika chiyani pamsana pa bulu? Nchifukwa ninji pakati pa chiguduli sitiikapo udzu?

Tilembe

Bulu afuna nkhata. Chikopa cha nkhosa nchofewa.

Tiwerengere

Bulu anyamula makilogalamu 40 a nyemba. Mbali iliyonse tiike makilogalamu angati?

Mawa tibwere ndi chiguduli, singano ndi udzu wouma. Tidzasoka chimodzi pabwalo.