Nyimbo za Country ndi Mitundu Yake

Chiyambire 1951, pamene sitima ya Ilala inayamba kuyenda panyanja, padoko la Nkhata Bay patsikira katundu wosawerengeka. Atonga obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Rhodesia anali kudza ndi masuti, njinga ndi magalamafoni, ndipo pakati pa mbale zao panali nyimbo za ku America zotchedwa country. Koma dzina limodzili likuta mitundu ingapo, ndipo khutu lophunzira liyenera kuilekanitsa.

Mtundu wakale unaphuka pakati pa alimi osauka a kumwera kwa dzikolo. Mu 1927, m'tauni ya Bristol, anajambula mau a banja la Carter ndi a Jimmie Rodgers, wantchito wa panjanji, amene anali kuponya mau ake m'mwamba ngati msodzi woitana mnzake kutsidya. Zoimbira zao zinali za zingwe: gitala, vayolini ndi banjo. Banjoyo si ya Azungu ai. Inabadwira m'manja mwa akapolo otengedwa ku Afrika.

Pa tsinde limeneli panaphuka bluegrass ya Bill Monroe wa ku Kentucky, nyimbo yaliwiro, yopanda ng'oma ndi magetsi, imene inakhwima mu 1945 atalowamo Earl Scruggs, wokhwacha banjo ndi zala zitatu. Panaphukanso honky-tonk, nyimbo ya m'nyumba za mowa, yodandaula za maukwati otha ndi ndalama zomwazika. Katswiri wake, Hank Williams, anamwalira mu 1953 ali ndi zaka 29 zokha, mowa utamfooketsa.

Tsono mtundu umene unakhazikika m'mitima ya Amalawi ndi wina, wa ku Nashville. Kumeneko, zaka za m'ma 1950 zili kutha, ojambula anachotsa ukali wa honky-tonk, naikamo piyano ndi kagulu kothirira mang'ombe motsitsa, kuti nyimbo zilowe m'nyumba za mabanja. Jim Reeves, wa mau akuya ndi odekha, anaimba ku South Africa mu 1962, ndipo mbale zake, za chikondi ndi za Mulungu zomwe, zinafalikira kumene amuna a kuno anali kugwira ntchito. Anafa pangozi ya ndege mu 1964. Oimba ena, monga Willie Nelson, anati Nashville yasukulutsa nyimbo, nabwerera ku zaukali m'zaka za m'ma 1970. Koma kuno anthu anatsata wodekha wina, Don Williams, amene anadzaimba ku Harare mu 1997.