Phunziro la Ntchito za Manja: Kuluka Lesi ndi Timitengo

M'boma la Karonga manja sakhala chabe. Asodzi a m'mbali mwa nyanja asoka maukonde awo, amayi aluka mikeka ya milaza, ndipo atsikana ambiri adziwa kuluka nsalu za patebulo. Koma lilipo luso lina, mbale wake wa zonsezi, limene silifala m'dziko muno: ndilo kuluka lesi ndi timitengo. Lesi ndiyo nsalu ija ya maso ngati ukonde, yokongoletsa mphepete mwa nsalu ya paguwa, mkanjo woyera wa ansembe ndi chovala cha mkwatibwi. Munthu akaiona ayesa kuti oipanga ndi akatswiri okha. Iyayi: ntchito yonse yagona pa mayendedwe awiri okha a zala.

Kumene lusoli linachokera

Luso limeneli linakula ku Italy ndi ku Flanders m'zaka za m'ma 1500. Buku la zitsanzo zake lotchedwa Le Pompe linasindikizidwa ku Venice mu 1557. Mu 1717 asisitere a chipani cha Apostoline anatsegula sukulu ya lesi mu mzinda wa Bruges, kuti atsikana osauka apeze podyera. Apwitikizi anapita nalo ku Sri Lanka ndi ku Brazil, ndipo kumeneko linakhazikika makamaka pakati pa akazi a asodzi. Amayi a ku Brazil, posowa zipangizo za ku Ulaya, anatenga masamba ouma a nthochi napanga nawo mtsamiro, natenganso minga m'malo mwa mapini. Tsono ngati iwo anatha motero, anthu a ku Karonga angalephere bwanji, kwawo kwa nthochi, mpunga ndi thonje?

Zipangizo zofunika

Choyamba ndi mtsamiro wolimba. Wophunzira asoke kathumba ka nsalu yokhuthala, nakadzaze ndi udzu wouma wa mpunga kapena utuchi, natsendere ndithu kufikira pini itaima chilili osagwedera. Chachiwiri ndi timitengo 12 totalika ngati masentimita 10, tosemedwa ku nsungwi ndi kupalidwa bwino, tokhala ndi khosi ndi kamutu kuti ulusi usavuke. Chachitatu ndi ulusi wa thonje. Woyamba kumene asankhe wokulirapo, kuti aziona kumene ulusi uliwonse ukupita. Chachinayi ndi mapini, ndi pepala lolimba lobooledwa timabowo m'mizere iwiri yolunjikana. Pepalalo ndilo chitsanzo, ndipo likhomedwa pamwamba pa mtsamiro.

Timitengo tiyenda tiwiritiwiri. Ulusi umodzi ukulungidwa mbali iyi ku kamtengo kamodzi, mbali inayo ku kanzake, ndipo pakati pake pakoledwa pa pini.

Mayendedwe awiri

Ngakhale pa mtsamiro patakhala timitengo 100, woluka agwira tinayi tokha pa nthawi imodzi. Atiwerenge kuyambira kumanzere: 1, 2, 3, 4. Kupingasa ndiko kunyamula kachiwiri ndi kukadumphitsa pamwamba pa kachitatu. Kupota ndiko kudumphitsa kachiwiri pamwamba pa koyamba, ndi kachinayi pamwamba pa kachitatu, zonse nthawi imodzi. Akatha kusuntha awerengenso mwatsopano, pakuti nambala ndi ya malo, si ya kamtengo ayi.

Akapingasa ndi kupota mobwerezabwereza pa timitengo tomweto, patuluka kachingwe kolukana. Akapingasa, napota, napingasanso, patuluka nsalu yothinana ngati yoomba. Akapingasa ndi kupota kamodzi, nasiya tiwiri natenga tina, patuluka maso otseguka ngati a ukonde. Maluwa ndi nyenyezi zonse za pa lesi zichokera m'kusakaniza kumeneku.

Ntchito yoyamba

Wophunzira ayambe ndi kalamba kopapatiza. Akolowetse magulu asanu ndi limodzi a timitengo tiwiritiwiri pa mapini a kumtunda. Gulu la kumanzere ndilo loyenda. Asanu enawo angolendewera. Loyendalo likumane ndi gulu lililonse motsatana, mwa kupingasa, kupota ndi kupingasanso, kufikira litafika kumalire a kumanja. Pamenepo alipote kawiri, abaye pini m'bowo, akoke ulusi wonse mofatsa kuti uwongoke, ndi kubwerera njira yomweyo. Azikoka timitengo, osagwira ulusi ndi zala, chifukwa thukuta lidetsa nsalu. Akalakwa asadule ulusi. Angobwerera m'mbuyo, kumasula monga analukira.

Chenjezo kwa ofuna phindu la msanga

Mu 1809 John Heathcoat wa ku England analembetsa makina oluka ukonde wa lesi, ndipo m'kupita kwa zaka makina anatsitsa mtengo kotero kuti oluka pamanja ambiri anasowa ntchito. Lero lesi wa m'sitolo ngotsika mtengo, ndipo dzanja silingapikisane naye pa liwiro. Amene ayamba lusoli poyembekeza kulemera mwezi wamawa adzagwa mphwayi.

Komatu mtengo wa ntchito suyesedwa ndi ndalama zokha. Ku Idrija m'dziko la Slovenia sukulu ya lesi yakhala ikuphunzitsa chiyambire 1876, ndipo mu 2018 bungwe la UNESCO linalemba kuluka lesi kwa dzikolo m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Anthu amenewo anazindikira kuti luso likatayika m'manja siligulidwa pamsika. Chimodzimodzi mkeka, dengu ndi ukonde: ana akapanda kukhala pambali pa akulu ndi kupenyetsetsa, tsiku lina zidzasowa wozipanga.

Lesi sagwirizana ndi ulesi. Afuna kuwerenga, kudikira ndi kubwereza, ndipo wophunzira alandira zomwezo kukhala mphotho yake: maso akuthwa, mtima wofatsa, ndi kanthu kokoma kopatsa mnzake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu atatu kapena anayi akamasonkhana pakhonde masana a Loweruka, yense ndi mtsamiro wake, wina adzaona cholakwa cha mnzake nam'konzera, ndipo kalamba koyamba kadzatha msanga.