Phunziro: Mmene Mpunga Umadyera Nayitrojeni

Anzathu, mpunga ulibe pakamwa, koma umadya. Chakudya chake chachikulu ndi nayitrojeni. Mumpweya muli nayitrojeni wambiri, magawo 78 pa 100, koma mpunga sungamutenge m'mwambamo. Umamutenga m'nthaka ndi mizu.

M'nthaka nayitrojeni amabwera m'mitundu iwiri: amoniyamu ndi nayitireti. M'munda wodzaza madzi mumachuluka amoniyamu. M'munda wa kumtunda mumachuluka nayitireti.

Muzu unapangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Pakhungu la selo pali tizitseko. Tizitseko timeneti ndi mapuloteni. Ta AMT timalowetsa amoniyamu. Ta NRT timalowetsa nayitireti.

Kachitseko kena, NRT1.1B, kali ngati mlonda. Kamalowetsa nayitireti, komanso kamazindikira kuti wafika. Kakazindikira, uthenga umapita pakati pa selo kuti: "Chakudya chafika, konzekani!" Pamenepo selo limapanga zida zosandutsira nayitrojeni kukhala mapuloteni ndi kubiriwira kwa masamba. Mu 2015 asayansi a ku China anaonetsa kuti mpunga wa indica uli ndi kachitseko ka NRT1.1B kosiyana ndi ka japonica, ndipo nchifukwa chake umatenga nayitireti bwino.

Mpunga ukakhuta, mizu imachepetsa kulowetsa chakudya. Chotsala chimapita ndi madzi, kapena chimauluka ndi mpweya. Ndiye kuti ndalama za koperativa zatayika.

Tsono tichite chiyani?

1. Tisathire feteleza yense tsiku limodzi. Tigawe: wina mpunga ukamaphukira, wina ngala zikayamba kupangika m'kati mwa phesi.
2. Yureya ali ndi nayitrojeni magawo 46 pa 100. Tikathira, titseke mizere kuti madzi asatuluke naye.
3. Tipalire tisanathire. Udzu nawonso uli ndi tizitseko take.
4. Tiyang'ane masamba. Masamba akale akachita chikasu, mpunga uli ndi njala. Koma feteleza akachuluka, mpunga umatalika, umagwa, ndipo matenda amaugwira msanga.

Kudziwa ndiko kukolola. Tiwerenge, tikambirane, tikayese kumunda.

Mafunso
1. Kodi mpunga umatenga nayitrojeni wa mitundu iti?
2. Nanga kachitseko ka NRT1.1B kamagwira ntchito ziwiri ziti?
3. Chifukwa chiyani timagawa feteleza?