Thirakitala imangokhala: oyilo ndisinthe liti?

Funso: Ndili ndi kathirakitala ka Kubota kamene ndimalimira mu Okutobala ndi kututira chimanga mu Meyi. Pachaka sikakwanitsa maola 60, ndipo oyilo akuonekabe bwino. Kodi ndidikire mpaka maola achuluke? *Mlimi wa ku Mchinji*

Yankho: Bambo, musadikire. Mabuku a mathirakitala ang'onoang'ono ambiri amati oyilo woyamba achotsedwe pa maola 50, kenako pa maola 200 alionse kapena kamodzi pachaka, chimene chayamba kukwana. Kwa inu chaka ndicho chimayamba.

Oyilo amawonongeka ngakhale thirakitala ili phee m'shedi. Injini ikalizidwa pang'ono n'kuzimitsidwa isanatenthe bwino, chinyezi chimasanduka timadontho tamadzi m'kati. Madziwo akasakanikirana ndi zotsalira za utsi wa dizilo amapanga asidi amene amadya zitsulo pang'onopang'ono, ndipo maso sangakuuzeni. Komabe tsegulani chivindikiro cha pothirira oyilo. Mukapeza zoyera ngati chambiko kunsi kwake, ndi madzi amenewo.

Ine ndimalangiza kusintha mukangomaliza kututa, kuti oyilo wakale asagone m'injini mpaka Okutobala. Ilizeni kaye mphindi 10, chifukwa oyilo wofunda amatuluka ndi zinyalala zake. Sinthaninso fyuluta tsiku lomwelo. Kuumira pa fyuluta n'kumene kumandidandaulitsa ndi alimi ambiri. Kuno kotentha oyilo wa 15W-40 wa injini za dizilo amachita bwino, koma tsimikizani m'buku la thirakitala yanu. Oyilo wakaleyo sungani m'chigubu, osathira pansi pafupi ndi chitsime.