Ufulu wa Chikumbumtima Pamaso pa Lamulo

Lachitatu

Werengani Aroma 13:1-7; Danieli 6:1-16; Machitidwe 5:27-29.

Mtumwi Paulo akutiphunzitsa kuti boma lili ndi ntchito yake yochokera kwa Mulungu: kusunga mtendere, kulanga wochita zoipa ndi kutchinjiriza wosalakwa. Chifukwa cha ichi Mkhristu amakhoma msonkho namvera malamulo a dziko. Komabe mphamvu ya boma ili ndi malire. Lamulo likayamba kulamulira zimene munthu akhulupirira mumtima mwake, ladumpha malire amene linapatsidwa, pakuti chikumbumtima chimayankha kwa Mulungu yekha.

Kodi adani a Danieli anagwiritsa ntchito chiyani pofuna kumkola? Danieli 6:4-9.

Taonani kuti anthu aja sanadze ndi mikondo. Anadza ndi lamulo lolembedwa mwadongosolo, lotsimikizidwa ndi mfumu, la masiku 30 okha. Pakulimva linali ngati lamulo la anthu onse, koma msampha wake unatcheredwa munthu mmodzi. Umu ndi mmene ufulu umalandidwira kawirikawiri: lamulo limadza m'dzina la umodzi ndi ulemu kwa wolamulira, ndipo oyamba kupwetekedwa amakhala anthu ochepa amene alibe wowalankhulira.

Zoterezi sizinathere m'masiku a Danieli. M'chaka cha 1967 boma la Malawi linaletsa Mboni za Yehova, makamaka chifukwa chakuti zinakana kugula makadi a chipani cholamula, chimene pa nthawiyo chinali chokhacho chololedwa. Mu 1972 chizunzo chinakula. Nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique. M'zaka zotsatira ena anatsekeredwa m'ndende ya Dzaleka ku Dowa. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993, patapita zaka 26.

Ife timasiyana ndi Mboni za Yehova pa ziphunzitso zambiri. Koma funso la phunziro lathu silili lakuti chiphunzitso chawo chinali choona kapena ayi. Funso ndi lakuti, kodi boma lili ndi mphamvu yolanga munthu chifukwa cha chikhulupiriro chake? Tikavomera kuti lili nayo pa mnansi wathu, tavomeranso kuti lili nayo pa ife tsiku limene lidzaipidwe ndi Sabata. Akuluakulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kodi Petro ndi atumwi anaika kuti malire a kumvera anthu? Machitidwe 5:29. Nanga anachita chiwawa poteteza ufulu wawo?

Malamulo aakulu a dziko la Malawi a mu 1994, m'ndime 33, amapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, wa chipembedzo, wa chikhulupiriro ndi wa maganizo. Ichi ndi chinthu choyamikira Mulungu. Koma ufulu wolembedwa papepala umafunabe anthu oulondera. Mu 2023 Khothi Lalikulu ku Zomba linagamula kuti kukaniza ana a chipembedzo cha Rasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo kunali kuphwanya malamulo aakuluwo. Anawo anali atataya nthawi ya maphunziro, ngakhale kuti ufulu wawo unali wolembedwa kale.

Wophunzira amene apempha kuti asalembe mayeso pa Sabata waima pa ndime yomweyo imene anaimapo ana aja. Sitingathe kuipempha ndimeyi kuti ititeteze ife, kwinaku tikukhala chete pamene ena aimanidwa.

Zokambirana m'kalasi: Kodi kwanuko kuli anthu amene akuvutika chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ngakhale chili chosiyana ndi chanu? Kodi mpingo wanu ungawalankhulire motani mwaulemu ndi mwamtendere, popanda kulowa m'mikangano ya zipani?